Chaka chimodzi pa yunivesite yakunja: mafunso amene ophunzira ndi makolo a ku Kafue amafunsa

Kuchokera ku Kafue kukafika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 45, ndipo m'mawa uliwonse maminibasi amadzaza ndi anthu opita kuntchito ndi kusukulu. Ana ambiri a ku Shikoswe, Zambia Compound ndi Kafue Estates akamaliza Giredi 12 amalowa pa University of Zambia, pa Copperbelt University ku Kitwe kapena pa Mulungushi University ku Kabwe. Akafika chaka chachiwiri kapena chachitatu amayamba kumva za anzawo amene apita ku Ulaya, ku China kapena ku South Africa, mtima n'kuyamba kulakalaka. Makolo nawo amakhala ndi nkhawa zawo. Mayankho ali m'munsiwa akutsamira pa mfundo imodzi: phindu la chaka chakunja limakonzedwa kunyumba konkuno, munthu asanakwere ndege.

Kodi kukaphunzira kunja n'kwachilendo kwa anthu a ku Kafue?

Ayi ndithu. Sukulu imene lero timaitcha Kafue Boys Secondary inayamba ngati Kafue Training Institute ya amishoni a mpingo wa Methodist, ndipo mmodzi mwa anyamata amene anaphunzira pamenepo m'zaka za m'ma 1930 anali a Harry Mwaanga Nkumbula. Atagwirako ntchito ya uphunzitsi anapita ku Makerere m'dziko la Uganda, kenako ku London. Ali komweko mu 1949, iwo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda analemba chikalata chotsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene atsamunda ankafuna kukhazikitsa. Anabwerera kwawo mu 1950, ndipo mu 1951 anasankhidwa kutsogolera chipani cha African Congress cha Northern Rhodesia. A Simon Mwansa Kapwepwe nawo anaphunzira ku India m'zaka za m'ma 1950.

Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, nzika zimene zinali ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo zinaphunzira kunja kapena kudzera m'makalata, chifukwa University of Zambia inatsegula zitseko zake mu 1966. Anthuwa ankanyamuka akudziwa vuto limene asiya kumudzi, ndipo kunjako ankafufuza njira yolithetsera. Wophunzira wa lero ali ndi mwayi woposa wawo, chifukwa yunivesite ali nayo kwawo, ndipo akhoza kusankha bwino chimene akukachitenga kunja.

Pali njira zingati zokhalira chaka chimodzi kunja?

Zilipo zitatu, ndipo anthu ambiri amazisokoneza.

Yoyamba ndi yosinthana ophunzira. Inu mumakhalabe wophunzira wa yunivesite yanu ya kuno, koma mumakaphunzira semesita imodzi kapena ziwiri pa yunivesite ina imene ili pa mgwirizano ndi yanu. Digiri mudzalandira ya kuno. Pulogalamu ya Erasmus+ ya European Union ndi imodzi mwa njira zotere. Kuyambira mu 2015 imalola ophunzira a ku Africa kukakhala ku Ulaya mpaka miyezi 12, malinga ngati mayunivesite awiriwo anasainirana mgwirizano.

Yachiwiri ndi chaka chophunzira chiyankhulo. Amene apatsidwa malo ku Russia, kapena ku China pa makosi ophunzitsidwa m'Chitchaina, nthawi zambiri amayamba ndi chaka chathunthu chachiyankhulo. Chaka chimenechi ndi khomo chabe la ulendo wa zaka zisanu kapena kuposerapo, choncho musachiyese ulendo wa chaka chimodzi.

Yachitatu ndi digiri yachiwiri. Ku United Kingdom madigiri ambiri a masitazi amatenga miyezi 12. Njirayi ndi ya munthu amene wamaliza kale digiri yoyamba.

Musanayambe kudzaza fomu iliyonse, dziwani kuti mwa njira zitatuzi yanu ndi iti, chifukwa ndalama, mapepala ndi zimene mudzabwere nazo zimasiyana.

Ndikadzabwerako, kodi chakacho chidzawerengedwa pa digiri yanga?

Funso ili ndilo lalikulu kuposa onse, koma ndi limene ambiri amalifunsa atabwerako kale. Chakacho chimawerengedwa pokhapokha yunivesite yanu itavomereza polemba inu musananyamuke.

Ku Ulaya amayeza maphunziro ndi makirediti a ECTS. Chaka chathunthu chimakhala ndi makirediti 60, semesita imodzi 30. Mu Erasmus+ muli chikalata chotchedwa Learning Agreement chimene chimasainidwa ndi mbali zitatu: wophunzira, yunivesite yomutumiza ndi yunivesite yomulandira. M'chikalatamo mumalembedwa makosi amene mukaphunzire kunja, ndi makosi a kuno amene akulowedwa m'malo. Ngakhale pulogalamu yanu itakhala ina, pemphani chikalata chofanana ndi chimenechi.

Kachitidwe kake ndi aka. Sindikizani ndondomeko ya kosi iliyonse ya kunjako, yosonyeza mitu yophunzitsidwa, maola ake ndi kayesedwe kake. Mupite nayo kwa mkulu wa dipatimenti yanu, muiike pambali pa ndondomeko ya kosi ya kuno, ndipo muyende nawo mzere ndi mzere. Akakhutira, alembe kalata yokhala ndi chidindo yonena kuti kosi yakuti ilowa m'malo mwa yakuti. Mawu apakamwa oti "pitani, tidzaona mukadzabwera" sakwanira, chifukwa mukamadzabwera pampandopo pakhoza kudzakhala munthu wina amene sanamvepo za nkhani yanu. Mukafika kunja n'kupeza kuti kosi ina yathetsedwa kapena yadzaza, lembani msanga kunyumba kuti kusinthako kuvomerezedwe sabata zoyambirira zomwezo.

Onaninso kalendala. Mayunivesite a ku Ulaya amatsegula mu Seputembala kapena Okutobala n'kutseka cha mu Juni kapena Julayi, pamene a ku South Africa amayamba mu Febuluwale n'kumaliza kumapeto kwa chaka. Ngati kalendala ya kuno sigwirizana ndi ya kumeneko, mukhoza kutaya semesita popita ndi ina pobwera. Ophunzira za udokotala, za malamulo ndi za uinjiniya asamale kwambiri, chifukwa makosi awo amatsatana mwandondomeko, ndipo kudumpha imodzi kumatseka njira ya zotsatira zake. Kubwereza chaka si tchimo, koma munthu azisankha yekha akudziwa mtengo wake.

Ndalama zake zimachokera kuti?

Magwero odalirika ndi odziwika. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, ndilo limalengeza masikolashipu amene maiko monga China, Russia, India, Algeria ndi Morocco amapereka kudzera m'boma. Ambiri mwa amenewa ndi a digiri yathunthu. Pa zosinthana ophunzira, khomo lake ndi ofesi ya yunivesite yanu yoona za maubale ndi mayunivesite akunja. Wophunzira wa Erasmus+ salipira fizi pa yunivesite yomulandira, ndipo amapatsidwa ndalama ya ulendo ndi ya mwezi ndi mwezi.

Pa digiri yachiwiri pali Chevening ya boma la United Kingdom, imene imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo alonjeze kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Palinso Commonwealth, Rhodes ya ku Oxford, DAAD ya ku Germany ndi MEXT ya ku Japan. Bungwe la Beit Trust limathandiza nzika za Zambia, Malawi ndi Zimbabwe zokha. Dzinali si lachilendo ku Kafue, chifukwa ndi bungwe lomweli limene linalipira mlatho wa msewu umene unamangidwa pa mtsinje wathu mu 1949.

Musaiwale maiko oyandikana nafe. Pangano la SADC la maphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, linati ophunzira a m'maiko a m'chigawo chino azitengedwa ngati eni dziko pa nkhani ya fizi. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri a boma ku South Africa amalipiritsa mwana wa ku Zambia fizi yofanana ndi ya nzika, kuwonjezerapo ndalama ina ya ophunzira akunja.

Makolo ambiri amafunsa za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera. Mabasale a thumba limeneli ndi a sukulu za sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a ntchito zamanja, choncho musawawerengere pa ulendo wakunja. Ngati muli pa ngongole ya maphunziro ya boma, lemberani a bungwe la ngongoleyo kuti akuuzeni polemba mmene iyendere chaka chimene mudzakhale kulibe.

Sikolashipu ikapezeka, banja lilipiranso chiyani?

Pali zinthu zimene zimafuna ndalama sikolashipu isanayambe kutuluka: pasipoti, mayeso a Chingerezi monga IELTS, kupimidwa kuchipatala, kutsimikizira masatifiketi, malipiro a viza ndi maulendo obwerezabwereza opita ku Lusaka. Mukafika kunja, eni nyumba amafuna dipoziti, nyengo imafuna jekete lochindikala ndi nsapato zotseka, ndipo ndalama ya mwezi woyamba nthawi zina imachedwa.

Maiko ena ali ndi zofuna zawozawo. Kuyambira mu 2024, wophunzira wopita ku United Kingdom kwa nthawi yopitirira miyezi isanu ndi umodzi amalipira mapaundi 776 pachaka a zaumoyo, ndipo wochokera ku Zambia ayenera kupimidwa TB asanapemphe viza. Ku Germany, amene alibe sikolashipu ankafunika mu 2024 kusonyeza mayuro 11,904 a chaka chimodzi mu akaunti yapadera. Ku South Africa viza ya ophunzira imafuna inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa m'dzikomo. Ziwerengerozi zimasintha, choncho onani zatsopano ku ofesi ya kazembe.

Kumbukiraninso kuti kwacha imakwera ndi kutsika. Mu 2024 dola imodzi inapitirira K25, ndipo mabanja amene anawerengera ndalama pa mtengo wakale anavutika. Khalani pansi ndi amalume, azakhali ndi onse amene alonjeza kuthandiza, mulembe kuti uyu apereka zingati ndiponso liti. Banja lisagulitse puloti kapena kutenga kaloba chifukwa cha chaka chimodzi chimene sichinatsimikizike n'komwe kuti chidzawerengedwa.

Mapepala ndiyambe liti kuwakonza?

Yambani kutatsala chaka chathunthu. Pasipoti ikhale yoti sithera nthawi muli kunja. Dzina lanu lilembedwe mofanana pa NRC, pa satifiketi ya Examinations Council of Zambia, pa zotsatira za ku yunivesite ndi pa pasipoti. Chilembo chimodzi chosiyana, kapena dzina lapakati limene lili pa pepala lina koma pa lina palibe, chikhoza kuimitsa viza kwa sabata zingapo. Aphunzitsi amene mukufuna kuti akulembereni makalata okuchitirani umboni muwapemphe nthawi ikadalipo, ndipo muwapatse zonse zokhudza pulogalamuyo kuti alembe zogwira mtima. Pepala lililonse mulijambule, musunge kope pa imelo, lina musiyire makolo m'fayilo kunyumba.

Malamulo a viza amasintha mosayembekezereka. Mu Ogasiti 2025 dziko la United States linayamba kufuna chikole cha ndalama kwa nzika za Zambia ndi Malawi zopempha viza yokacheza kapena ya bizinesi. Zimene mnzanu anachita chaka chatha zikhoza kukhala zitasintha chaka chino.

Nanga maajenti amene amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp?

Alipo ena ogwira ntchito moona, koma pamenepa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa. Sikolashipu yeniyeni sigulidwa, ndipo palibe munthu amene angakutsimikizireni viza, chifukwa imapereka ndi ofesi ya kazembe yokha. Munthu akati tumizani ndalama lero pa nambala ya foni yake malo asanathe, kapena akafuna kusunga pasipoti yanu, mutalikireni. Kalata yokulandirani ikabwera, lemberani yunivesiteyo mwachindunji pa adiresi imene ili pa webusaiti yake, mufunse ngati dzina lanu lilidi m'kaundula wawo. Funsaninso a Zambia Qualifications Authority ngati maphunziro a pamalopo adzavomerezedwe kuno. Safunsa anadya phula.

Nkhaniyi si ya ndalama zokha. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anaulula za atsikana a m'maiko a mu Africa amene anakopedwa pa intaneti ndi lonjezo la maphunziro ndi ntchito ku Russia, koma anakapezeka akumanga madroni ankhondo m'fakitale ku Tatarstan. Lonjezo likakoma mopitirira muyeso, lifufuzeni kawiri.

Ife makolo tingadziwe bwanji kuti mwana wathu ali bwino kumeneko?

Nkhawa yanu ndi yomveka, amayi ndi abambo. Mu 2020 ophunzira athu anatsekeredwa ku Wuhan chifukwa cha COVID-19, ndipo mu Febuluwale 2022 amene anali ku Ukraine anathawa nkhondo kudzera m'maiko oyandikana nawo monga Poland, boma lisanawabweretse kunyumba. Pa nthawi zotere, wosavuta kumupeza ndi amene analembetsa dzina lake ku ofesi ya kazembe wa Zambia ndi ku bungwe la ophunzira a ku Zambia m'dzikolo. Mwana wanu achite zimenezi sabata yoyamba, ndipo inu mukhale ndi nambala ya ofesi ya ophunzira akunja pa yunivesiteyo ndi ya mnzake mmodzi wokhala naye pafupi.

Mu Novembala 2022 boma linalengeza za imfa ya mnyamata wa ku Zambia amene ankaphunzira za nyukiliya ku Moscow. Anamangidwa mu 2020 pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, ndipo a kubanja kwake ananena kuti pa nthawiyo ankagwira ganyu yoperekera katundu wa anthu. Anachotsedwa m'ndende n'kupita kunkhondo ya ku Ukraine, kumene anafera. Nkhaniyi inaliza dziko lonse. Muuzeni mwana wanu mosabisa kuti asanyamule phukusi la munthu asakudziwa za m'kati mwake, ndiponso asagwire ntchito imene viza yake silola. Ku United Kingdom, mwachitsanzo, wophunzira digiri amaloledwa maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula.

Chinanso, musamulemetse ndi mapempho. Ndalama ya sikolashipu inawerengedwera munthu mmodzi. Mwana akamakakamizidwa kutumiza ya fetereza, ya lendi ndi ya fizi ya ang'ono ake, amayamba kujomba m'kalasi kuti akasake maganyu, ndipo mavuto ambiri amayambira pamenepo.

Moyo wa tsiku ndi tsiku umakhala wotani?

Chimene chimavuta ambiri ndi mdima ndi kusungulumwa kuposa kuzizira. Mu Disembala kumpoto kwa Ulaya dzuwa limalowa cha m'ma 16 koloko. Munthu wozolowera phokoso la pamsika wa ku Kafue, kumene sungadutse osapatsidwa moni, amapezeka ali yekha m'kachipinda, m'khonde muli zii, aliyense watseka chitseko chake. Amatsegula foni n'kuona abale akudya pamodzi pa Khirisimasi, misozi n'kulengeza. Zimenezi zimachitikira pafupifupi aliyense, ndipo zimachepa munthu akamatuluka kukakumana ndi anthu: kutchalitchi, kumpira, kukwaya, kumagulu a ophunzira. Zikafika polepheretsa kudya, kugona kapena kupita m'kalasi, pitani kwa alangizi a pa yunivesite. Palibe chamanyazi pamenepo.

M'sutikesi musaiwale mthiko. Ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a ku Asia, ndipo mphika umodzi wa nsima Loweruka madzulo umasonkhanitsa a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe. Koma nyama ndi zamkaka saloledwa kulowa nazo m'maiko a European Union, choncho funsani kaye musanalongedze ndiwo.

M'kalasi namo muli zosiyana. Aphunzitsi amayembekezera kuti mufunse, mutsutse mwaulemu ndi kupereka maganizo anu. Ulemu wathu wokhala chete pamaso pa akulu iwo akhoza kuuyesa kusakonzekera. Kukopera mawu a munthu wina osamutchula ndi mlandu waukulu wochotsetsa sukulu. Pomaliza, musamangokhala ndi a kwanu okhaokha. Anzanu a m'dzikolo ndiwo adzakuphunzitseni chiyankhulo ndi kukulozerani makomo.

Ndikaphunzire chiyani chimene chingathandize kuno?

Yang'anani tauni yathu, mafunso ake ndi osabisika. Ena mwa madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa amapopedwa ku Iolanda, pa mtsinje wa Kafue. Mtsinje womwewo umavutika ndi namasupuni, ndipo mu Febuluwale 2025 unaipitsidwa kumtunda pamene damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi. Kumunsi kwathu kuli malo awiri opangira magetsi, Kafue Gorge Upper wa mamegawati 990 ndi Kafue Gorge Lower wa mamegawati 750, koma chilala cha mu 2024 chinatisiya mumdima maola ambiri patsiku. Tili ndi fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya zitsulo, asodzi ndi alimi a nsomba.

Wophunzira za madzi, za magetsi a dzuwa, za makemikolo, za ulimi wa nsomba kapena za malamulo a zachilengedwe akanyamula limodzi mwa mafunso amenewa, amadziwa kosi yoti asankhe, labu yoti alowemo ndi pulofesa woti amugogodere. Kalata yake yopempha malo imamvekanso mosiyana ndi ya munthu amene wangolemba kuti akufuna kuona dziko. Ndipo musapite modziderera. Ku Namalundu kuli Kafue Gorge Regional Training Centre, kumene akatswiri a magetsi ochokera m'maiko ambiri a mu Africa amabwera kudzaphunzira. Inunso muli ndi zimene anzanu akunja angaphunzire kwa inu.

Pobwerera ndichite chiyani?

Musanachoke, tengani chikalata chovomerezeka cha zotsatira zanu, lipirani ngongole zonse za laibulale ndi za nyumba, ndipo pemphani mphunzitsi mmodzi kapena awiri kuti adzakuchitireni umboni m'tsogolo. Mukafika, perekani zotsatirazo ku dipatimenti yanu pamodzi ndi kalata ija inasainidwa musanapite, ndipo mutsatire mpaka ziwoneke pa rekodi yanu. Amene mwabwera ndi digiri yathunthu mupite nayo ku Zambia Qualifications Authority kuti itsimikizidwe. Azaumoyo alembetse ku Health Professions Council of Zambia, mainjiniya ku Engineering Institution of Zambia. Kunyumba ena adzayembekezera kuti mwabwera ndi chuma. Afotokozereni modekha kuti munapita kusukulu.

Ngati mwayiwu sunapezeke, ndiye kuti ndatsalira?

Simunatsalire. Malo osinthana ophunzira ndi ochepa, ndipo ambiri amene amapita kunja amapita pa digiri yachiwiri. Chimene chimatsegula khomo limenelo ndi magiredi abwino a digiri yoyamba, ntchito yooneka imene munagwira, ndi aphunzitsi amene amakudziwani bwino. Zonsezi zimapezeka kuno.

Kaya mukufuna kupita chaka chamawa kapena patapita zaka zisanu, poyambira ndi pamodzi. Sabata ino pitani ku ofesi yoona za maubale akunja pa yunivesite yanu, mufunse mayunivesite amene ali nawo pa mgwirizano pa kosi yanu ndi mwezi umene amalengeza malo. Kenako mukaonane ndi mkulu wa dipatimenti, mumve makosi amene angathe kuphunziridwa kwina. Mukatero mukhale pansi ndi makolo, mapepala ali m'manja, mukambirane za ndalama ndi za chimene mukufuna kukatenga kumeneko.